Osewera Pulu ku Vubwi Adziwe Kusankha Ndodo

Masewera a pulu, amene kale anali kuoneka m'makalabu a ku Migodi ndi m'mahotela a mu Lusaka, masiku ano afika ndi kumidzi komwe. Pa Vubwi, boma limene linapatulidwa ku Chadiza m'caka ca 2012, pa Sinda, pa Katete pomwe pali mphambano ya mseu wopita ku Chanida, ndiponso pa timisika ta kufupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique, thebulo la nsalu yobiriwira lipezeka pakhonde la golosale kapena m'kati mwa bala. Dzuwa likapendeka anyamata ndi abambo omwe alizungulira, aliyense kudikira nthawi yake.

Masewerawa sali aulere. Mwini thebulo alandira ndalama pa masewera alionse, ndipo m'malo ambiri wogonja ndiye acoka, wopambana natsala. Pa nyengo ya misika, pamene alimi agulitsa soya, nshawa, mpendadzuwa ndi thonje, ndalama zimene zithera pa mathebulowa sizicepa. Mikangano nayo siisowa, ndipo yambiri iyambira pa ndodo. Wina akaphonya anena kuti mnzake anam'siyira ndodo yokhota. Wina atenga ndalama za mbeu zake nakagula ndodo yonyezimira ku Chipata, koma pobwera apeza kuti mipira ikali kum'kana monga kale.

Funso limene osewera afunsana ndi lakuti: kodi ndodo ndiyo igwetsa mpira m'dzenje, kapena ndi dzanja la munthu? Yankho lake ndi lakuti ndodo iri ndi mbali yake ndithu. Mbali imeneyi iri m'kacikopa ka kunsonga, m'kukula kwa nsongayo poyerekeza ndi mipira, m'kuongoka kwa ndodo ndi m'kuizolowera. Utoto ndi maluwa olembedwa kuthako kwake sizithandiza kanthu. Akale anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Kuphonya pang'ono kubala kuphonya kwakukulu

Kuti munthu amvetse cifukwa cake ndodo iyenera kusankhidwa mosamala, ayambe waona mmene colakwa cacing'ono cikulira pa thebulo. Bwalo lathunthu ligawidwa m'madigiri 360. Ndodo ikapatuka ndi digiri imodzi yokha, kupatuka kumene diso silingakuone msanga, mpira woyera ukayenda mita imodzi ukhala utacoka pa mzere wake ndi mamilimita 17, ndiko kuti kunenepa kwa cala ca munthu wamkulu.

Zinthu sizithera pomwepo. Mpira woyerawo ukafika pa mpira umene wosewera anafuna kuumenya pakati penipeni, uugunda cam'mbali. Popeza mipira ndi yobulungira, kuphonya kwa mamilimita 17 kutumiza mpira womenyedwawo kumbali ndi madigiri pafupifupi 20. Ngati dzenje linali pa mtunda wa theka la mita, mpirawo ukafika pa mphira ya m'mbali masentimita pafupifupi 19 kutali ndi pamene unayenera kugwera. Oonerera aseka naganiza kuti munthuyo waphonya kwambiri, pamene colakwa cake cinali ca digiri imodzi cabe. Cinthu ciri conse ca pa ndodo cimene cingapatutse mpira woyera ndi digiri imodzi, kaya ndi nsonga yopendekeka kapena yogwedera, cingamudyetse munthu masewera onse.

Kacikopa kamene kanasintha masewera

Zaka mazana angapo zapitazo anthu a ku Ulaya anali kukankha mipira ndi ndodo ya mutu waukulu yonga cibonga. Mpira ukakhala pafupi ndi mphepete mwa thebulo anali kuitembenuza ndodoyo ndi kumenya ndi mcira wake, ndipo dzina limene Angelezi acha nalo ndodo ya pulu linacokera ku liu la Cifalansa lotanthauza mcira. Koma mtengo wouma ukagunda mpira wosalala uterereka, motero osewera a nthawi imeneyo anali kumenya pakati pa mpira pokha.

Amene anasintha zimenezi ndi François Mingaud, kapitao wa asilikali a ku France, amene anaphunzira masewerawa ali m'ndende mu mzinda wa Paris. Ca m'ma 1807 iye anamata kacikopa kobulungira kunsonga kwa ndodo, ndipo anapeza kuti tsopano angathe kumenya mpira m'munsi kuti ubwerere m'mbuyo, pamwamba kuti utsatire unzake, kapena cam'mbali kuti uzungulire. M'caka ca 1827 anasindikiza buku lofotokoza kamenyedwe kameneka. Coko cimene cipakidwa pa kacikopako masiku ano cinalembetsedwa ku America m'caka ca 1897 ndi William Spinks, katswiri wa masewerawa, pamodzi ndi William Hoskins, wodziwa za mankhwala.

Mbiri imeneyi iphunzitsa cinthu cimodzi: pa ndodo yonse, malo okhawo amene akhudza mpira ndi kacikopa kaja, kamene anyamata akacha tipu. Munthu wosankha ndodo pa gulu la ndodo za mwini thebulo ayambe kuyang'ana pamenepo asanayang'ane kwina kuli konse.

Kacikopa kabwino kakhala kotukuka pakati monga msana wa kamba. Kakaphwatalala, wosewera aganiza kuti wamenya m'munsi mwa mpira pamene m'mphepete mwa cikopa ndimo mwagunda malo ena. Kakafutukuka m'mbali ngati bowa, kabisa malo amene diso liyenera kuona ndipo sikacedwa kung'ambika. Kakauma ndi kunyezimira ngati cidendene ca nsapato yakale, sikagwiranso coko, ndipo ndodo iterereka ndi kaphokoso kaja kamene wosewera aliyense akadziwa. Mankhwala ake ndi apafupi: kukanda pang'ono ndi sandipepala kuti cikopa cikhale ndi timaubweya, ndi kusenga m'mbali ndi lumo lakuthwa kufikira cilingane ndi kamphete ka mkuwa kamene kali pansi pake. Kacikopa kakatha kufikira kamphete kayamba kukhudza mpira, kacotsedwe ndi kumatapo kena, cifukwa mkuwa ukanda mipira ndi kung'amba nsalu.

Ndodo zambiri zotsika mtengo ziri ndi nsonga zocita kupotera ngati bauti. Ubwino wake ndi wakuti sizivuta kusintha, koma zigwedera zikagwira nchito masiku angapo. Wosewera aigwire nsongayo ndi zala ziwiri ndi kuyesa kuigwedeza. Ngati isuntha, aimange kapena atenge ndodo yina.

Coko ca pulu ndi cosiyana ndi ca kusukulu. Cipangidwa ndi mcenga wosalala kwambiri ndi miyala yokhakhala yoperedwa, ndipo nchito yake ndi kuluma mpira kuti cikopa cisatereke. Coko ca aphunzitsi ndi cofewa, cidetsa nsalu ndipo sicigwira mokwanira. Ngakhale coko cikhale cabwino, pali malire ake: mpira sungamenyedwe kutali ndi pakati pake kuposa theka la mtunda wocokera pakatipo kufika m'mphepete. Pa mpira woyera waung'ono malire amenewa ndi mamilimita pafupifupi 12. Wopitirira apo asanamizire ndodo.

Ndodo ilingane ndi mipira

Pa dziko lapansi pali mitundu ikulu-ikulu itatu ya masewera a ndodo imene anthu aisokoneza. Pulu ya ku America iri ndi mipira yaikulu ya mamilimita 57, yolemera magalamu 160 kufikira 170, ndipo ndodo zake ziri ndi nsonga za mamilimita 12 kapena 13. Sinuka, imene inayambika pakati pa asilikali a Angelezi ku India m'caka ca 1875, iseweredwa pa thebulo lalikulu ndi ndodo za nsonga ya mamilimita 9 ndi theka kapena 10. Pulu ya ku England, imene mathebulo ake ang'ono-ang'ono oponyamo ndalama kapena tokeni ndiwo afala m'mabala, iri ndi mipira ya mamilimita 51, ndipo mpira woyera ucepa pang'ono, mamilimita 48, kuti makina a m'kati mwa thebulo authe kuusiyanitsa ndi inzake ndi kuubweza. Ndodo za mtundu umenewu ziri ndi nsonga za mamilimita 8 kapena 9.

Munthu wopita ku sitolo ku Chipata kapena ku Lusaka ayambe wayesa mipira ya pa thebulo limene aseweretsapo. Ambiri akopeka ndi ndodo yonenepa ya ku America poganiza kuti ndiyo yamphamvu, osadziwa kuti pa mpira woyera waung'ono nsonga yotere iphimba malo aakulu, ndipo diso silithanso kuona bwino pomwe pati pagundidwe.

Palinso cifukwa cina cobisika. Mpira woyera ukamenyedwa kudzanja lamanja la pakati pake suyenda ndendende kumene ndodo yaloza. Upatukira pang'ono kumanzere. Ukamenyedwa kumanzere upatukira kumanja. Izi zicitika cifukwa pa kanthawi kamene cikopa ndi mpira zagwirana, mpira uyamba kuzungulira ndi kukankhira nsonga ya ndodo kumbali imodzi, nsonganso iukankhira kumbali inayo, monga anthu awiri okankhana pa mlatho wopapatiza. Wopepuka ndiye asuntha kwambiri. Cotero ngati mbali ya kutsogolo kwa ndodo, masentimita 15 kapena 20 oyambirira, iri yolemera, mpira ndiwo upatuka kwambiri. Nsonga yonenepa ya mamilimita 13, kapena ya bauti ya citsulo, ikakumana ndi kampira koyera ka magalamu pafupifupi 100, kupatuka kumeneku kukula ndithu.

Opanga ndodo anazindikira zimenezi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 kampani ya ku America ya Predator inayamba kugulitsa ndodo zobooledwa m'kati ca kunsonga kuti zipepuke, ndipo m'caka ca 2016 inatulutsa zakuda za carbon fibre zimene sizikhota ndi cinyezi. Ndodo zotere ndi zokwera mtengo kwambiri, ndipo zambiri zinapangidwira mipira yaikulu. Wosewera wa ku Vubwi angapeze phindu lofanana nalo mwa kusankha ndodo wamba ya nsonga yoonda, ndi kusamenya mpira cam'mbali pamene palibe cifukwa. Tiyenera kudziwanso kuti ndodo iri yonse ipatutsa mpira mwa muyeso wake-wake. Wosewera amene lero agwira ndodo iyi, mawa iyo, manja ake sangaphunzire muyeso umenewo.

Kulemera ndi kutalika

Malamulo a bungwe la World Pool-Billiard Association, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1987, anena kuti ndodo isafupike kuposa mita imodzi ndi pang'ono, isalemere kuposa magalamu 709, ndipo nsonga yake isapose mamilimita 14. Koma akatswiri safika ku malire amenewa. Ndodo zambiri za pulu ya ku England ndi sinuka zilemera magalamu 480 kufikira 540, ndipo kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 145.

Anyamata ambiri akonda kunyamula ndodo zonse imodzi-imodzi kufuna yolemera koposa. Ndodo yolemera ithandiza pang'ono munthu wa dzanja lonjenjemera, cifukwa siigwedezeka msanga, koma ibweretsa bvuto lina: pa thebulo laling'ono mipira yambiri ifuna kukhudza mofatsa, ndipo ndodo yolemera ithamangitsa mpira woyera kupitirira pamene unayenera kuima. Kulunjika sikuli kugwetsa mpira umodzi kokha; kulinso kusiya woyera pamalo pabwino pomenyera wotsatira. Ndodo yopepuka kwambiri nayo icititsa munthu kuika mphamvu za phewa, ndipo phewa likalowerera mzere utayika. Yoyenera ndi imene dzanja liiyendetsa kutsogolo ndi m'mbuyo popanda kuifinya.

Wosankha aike ndodo pa cala cimodzi kufuna pomwe iima osagwera mbali iri yonse. Pa ndodo yabwino malo amenewa akhala masentimita 40 kapena 45 kucokera kuthako. Akakhala kumbuyo kwambiri, nsonga idzuka yokha pa dzanja la kutsogolo pomenya.

Kutalika kwa ndodo kukhudzanso omanga nyumba. Thebulo wamba la m'bala lifuna cipinda ca mamita pafupifupi 5 m'litali ndi 4 m'lifupi kuti ndodo iyende momasuka mbali zonse. M'zipinda zambiri za pa misika khoma liri pafupi, ndipo wosewera akakamizidwa kukweza thako la ndodo m'mwamba. Ndodo yoweramitsidwa cotero ikagunda mpira cam'mbali ngakhale pang'ono, mpirawo uyenda mokhota. Mwini thebulo wanzeru asunga kandodo kafupi ka masentimita 90 kapena 120 kogwiritsa nchito pa ngodya zopanikiza.

Kuongoka ndi nyengo za kuno

Ndodo zabwino za ku England zipangidwa ndi mtengo wa ash, za ku America ndi wa maple, ndipo kuthako kwake aikako mitengo yolemera yakuda yonga phingo. Mitengoyi iumitsidwa kwa nthawi yaitali isanasemedwe. Ndodo zotsika mtengo zisemedwa ndi matabwa opepuka osauma bwino, ndipo ndizo zikhota msanga. Mmisiri wa kumudzi wofuna kuyesa nchito imeneyi akumbukire kuti bulugamu kapena paini wauwisi apindika akamauma, ndipo ngakhale mlombwa, umene udziwika kuti supotoka wamba, uyenera kuuma kotheratu ndi kusankhidwa thabwa la mitsempha yoongoka.

Nyengo za Cigawo ca Kum'mawa ziyesa ndodo kwambiri. M'mwezi wa Okutobala kutentha kwa pansi pa malata kuumitsa mtengo, ndipo mvula ikayamba mu Novembala kufikira Malichi mtengo womwewo umwa cinyezi. Ndodo yotsamiritsidwa pa khoma usiku wonse, nsonga m'mwamba, ipindika pang'ono-pang'ono ndi kulemera kwake komwe. Yosiyidwa pakhonde padzuwa iuma mbali imodzi nikhota. Ndodo ziyenera kuimikidwa ciriri m'cosungiramo ca matabwa, kapena kugonekedwa pamalo osalala, kutali ndi zenera ndi moto. Woyenda nayo pa njinga agule ya zidutswa ziwiri ndi thumba lake, koma ayese polumikizira kuti pamangike bwino popanda mpata.

Njira imene ambiri ayesera ndodo ndiyo kuigubuduza pa thebulo ndi kuona ngati nsonga idumpha-dumpha. Njirayi ithandiza, koma inganamize ngati thebulolo liri ndi mabampu. Njira yoposa ndi ya akalipentala poyesa thabwa: kukweza thako la ndodo kufupi ndi diso limodzi, kulozetsa nsonga kumene kuli kuwala, ndi kuitembenuza pang'ono-pang'ono. Kukhota kuli konse kuonekera.

Kukhota kwakung'ono sikuononga masewera monga mmene ambiri aganizira. Ngati ndodo yoongoka palibe, wosewera apeze mbali imene yapindikira, aikepo cizindikiro ndi colembera, ndipo nthawi zonse aigwire kukhotako kutaloza pansi kapena m'mwamba, osati kumanja kapena kumanzere. Ndodo yokhota pang'ono ya cikopa cabwino iposa yoongoka ya nsonga yakutha. Cotsiriza ndi kusalala kwa pamene ndodo itsetsereka pa zala. Thukuta, mafuta a vitumbuwa ndi fumbi zicititsa ndodo kumata pa khungu, ndipo iyenda modukiza. Kansalu kouma ndi kusamba m'manja zithetsa bvutoli.

Phunziro la Stephen Hendry

Kuti mtengo wogulira suli kanthu poyerekeza ndi kuzolowera, umboni wake ndi Stephen Hendry wa ku Scotland, mmodzi wa akatswiri a sinuka oposa onse. Ndodo yake inagulidwa pa mapaundi 40 okha iye akali mnyamata, ndipo inali ya wamba. Ndi ndodo yomweyo anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi kasanu ndi kawiri pakati pa 1990 ndi 1999, ngakhale kuti anali ndi cuma cokwanira kugula ndodo iri yonse imene akanafuna.

M'caka ca 2003 ndodoyo inathyoka pakati pa katundu wa m'ndege pamene iye anali kubwerera kwao kucokera ku Thailand. Amisiri odziwa anam'pangira zina zabwino koposa. Komabe pa mipikisano ikulu-ikulu 36 imene anapambana m'moyo wake wa masewera, iwiri yokha ndiyo inadza pambuyo pa ngoziyo. Ukulu wa msinkhu ndi kubwera kwa anyamata atsopano zinali ndi mbali yake, koma nkhaniyi isonyeza kuti manja a munthu aphunzira ndodo imodzi monga mlimi azolowera mpini wa khasu lake.

Udindo wa eni mathebulo ndi osewera

Osewera ambiri a m'maboma a Vubwi, Sinda ndi Katete alibe ndodo zao-zao, ndipo adalira za mwini thebulo. Munthu amene alandira ndalama pa masewera alionse ayenera kubwezako pang'ono ku zipangizo: kusintha zikopa zikatha, kugula coko ceni-ceni, kukhoma cosungiramo ndodo, ndi kuika ndodo ziwiri zofanana kuti opikisana asayambane. Zonsezi mtengo wake ndi wocepa poyerekeza ndi nsalu yong'ambika kapena makasitomala othawira kwa mnzake. Ayang'anenso kuti thebulo lakhala molingana, cifukwa pa thebulo lopendekeka ngakhale ndodo ya katswiri siithandiza. Mwini bala akumbukirenso kuti lamulo la dziko liletsa kugulitsa mowa kwa ana osakwana zaka 18, ndipo thebulo lisakhale nyambo yokokera ana a sukulu kumalo omwera.

Osewera nawo aleke kugogoda ndodo pansi posangalala, kuiponya pokwiya kapena kuitsamira ngati ya nkhalamba. Wofuna kudziyesa aike mpira woyera pakati pa thebulo ca kumapeto, aumenye pakati peni-peni kulunjika ku mphira ya kutsidya, ndi kusiya ndodo pomwe yaimira. Mpira ukabwerera ndi kudzagunda nsonga ya ndodo, dzanja ndi ndodo zonse ziri bwino. Ukabwerera kumbali imodzi-modzi ndi ndodo iri yonse, colakwa ciri m'dzanja kapena m'kaimidwe, ndipo ndalama za soya zisapite ku sitolo pacabe. Ukabwerera bwino ndi ndodo ina koma moipa ndi inzake, pamenepo ndodo ndiyo yolakwa.

Wochova njuga pa thebulo adziwe kuti palibe ndodo imene ibweza ndalama za feteleza zikapita. Koma wosewera wofuna kukula m'masewerawa, mwina mpaka kukapikisana ku Chipata ndi ku Lusaka, asankhe ndodo imodzi ya nsonga yolingana ndi mipira ya kwao, aisamale m'dzinja ndi m'cilimwe, ndipo akhale nayo zaka. Kuona maso a nkhono nkudekha.